"Ploti ni yodimaketewa": liu limene ligulitsa malo ndi kugwetsa nyumba

Pa mawolofensi a mu Great East Road, pa mapolo a malaiti mu Mumbwa Road, pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp a kunchito ndi a kuchalichi, malonda a malo amalembedwa mofanana. Coyamba ndi kukula kwa ploti: 20 by 30, 20 by 20, kapena 15 by 20 kwa amene thumba lawo ndi locepa. Caciwili ndi dela: Chalala, Lusaka West, Ten Miles, Silverest, Chongwe. Kumapeto kuli mtengo ndi nambala ya foni. Pakati pa zonsezi pali liu limodzi la Cingelezi limene wogulitsa saiwala kulemba, pepala licepe bwanji: demarcated.

Liu limeneli linatuluka kale m'maofesi a masaveya ndi maloya, manje lili m'minibasi ndi pamsika. Tinaliveka malaya a Cinyanja mpaka likumveka ngati lathu. Mudzamva munthu auza mnzake kuti, "Osaopa iwe, malo ni yodimaketewa kudala," mnzakeyo mtima n'kukhala pansi monga wauzidwa kuti taitolo ili kale m'thumba. Ndalama za cilimba, za village banking, za penshoni, ngakhale 20 pelesenti ija imene a NAPSA anayamba kupeleka mu 2023, zina zatuluka m'manja mwa eni ake atangomva liu limeneli. Koma zimene liuli likamba ndi zimene ogula ambili amamva, ndi zinthu ziwili zosiyana.

Tanthauzo lake ndi kumene linacokela

M'Cingelezi, to demarcate ndi kuika kapena kuonetsa malile a cinthu kuti aliyense aone pamene cayambila ndi pamene cathela. M'kati mwake muli kaliu kakuti mark, ndiye kuti cizindikilo. Conco kudimaketa ndi kuika zizindikilo m'malile, basi. Liuli silichula mwini malo. Silikamba kuti boma lavomeleza, ndipo sililonjeza kuti pamalopo mungamange nyumba.

Angelezi nawonso anacita kubweleka. Linacokela ku liu la Cisipanishi lakuti demarcación. Mu 1493, Christopher Columbus atabwelako ku ulendo wake woyamba, Papa Alexander VI analamula kuti pakhale mzele pa nyanja ya Atlantic wogawa maiko a kutsidya pakati pa Spain ndi Portugal. Caka cotsatila, mu 1494, maiko awiliwa anasainilana pangano ku Tordesillas n'kusunthila mzelewo cakumadzulo. Ndiye cifukwa cake lelo ku Brazil akamba Cipwitikizi pamene anansi awo ambili akamba Cisipanishi. Mzele umenewo m'Cingelezi umachedwa line of demarcation. Dzina lakuti demarcation linalowa m'Cingelezi m'zaka za m'ma 1700, ndipo mneni wakuti demarcate anaupanga pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1800.

Anthu amene anali kukhala m'maiko aja sanafunsidwe kanthu. Mafumu awili a ku Ulaya anagawana malo a eni ake ali kutali, cingwe cili pa mapu. Amene anagulapo ploti kwa makada angavomeleze kuti khalidwe la liuli silinasinthe kwenikweni kucokela pamene linabadwa.

Pa kagwilitsidwe nchito, mneni ameneyu amayenda ndi cinthu cimene cikuikidwa malile: ploti, munda, nkhalango, malo osungila mseu, malile a dziko. M'malipoti a boma mudzapezanso akuligwilitsa nchito pa maudindo, monga pofotokoza pamene nchito ya khonsolo ithela ndi pamene ya Road Development Agency iyambila pa nkhani ya miseu. Lisasokonezedwe ndi limit kapena restrict. Banki ikakuuzani ndalama zimene mungatape pa ATM tsiku limodzi, yaika limit. Khonsolo ikaletsa kugulitsa malonda m'mbali mwa Cairo Road, yacita restrict. Kudimaketa kulibe ciletso m'kati mwake, kumangoonetsa pamene mzele wapita. Zololedwa ndi zoletsedwa m'kati mwa mzelewo zimacokela ku lamulo lina.

Mmene timalikambila mu Lusaka

M'kamwa mwa anthu a m'tauni liuli linakula kuposa m'dikishonale. Banja likalipila cipinda cimodzi ku Mtendere, amai amati "tinadimaketa na keteni," ndiye kuti uku kogona makolo, uku kogona ana. Pamsika, apampando amadimaketa matebulo ndi penti kuti wa tomato asalowelele kwa wa kapenta. Anyamata a mpila m'komboni amadimaketa bwalo ndi phulusa Loweluka m'mawa. Landilodi amadimaketa shopu imodzi ndi plywood, kutuluke mashopu awili, lendi n'kukhala pawili.

Timalipinda monga mneni aliyense wa Cinyanja: nadimaketa, tizadimaketa, anadimaketesa. Wolemba buku angalembe kuti "yodimaketedwa," koma pa siteshoni ya basi mudzamva "yodimaketewa." Zonse zimveka.

Sikuti tinalibe mau athu. Kuika malile, kudula malile, kupima, kugawa, onsewa alipo ndipo akali kugwila nchito. Ku Katete kapena ku Petauke, munda malile ake ndi culu, mtengo wa msuku, kamtsinje, kapena mzele wa khonje umene anabzala ambuye. A hedimani akamapeleka malo amayenda m'malilemo ndi akulu a m'mudzi, ndipo amene anaona tsikulo ndiwo amadzaweluza ana akayamba kukangana. Mphamvu ya malile a kumudzi ili mwa mboni zimene zimadziwana. M'tauni mulibe zimenezo. Neba wanu anabwela dzulo kucokela ku Kitwe, winayo ali ku Johannesburg, anagula kudzela pa foni. Mboni imene yatsala ndi pepala la boma. Apa ndiye pamene liu la Cingelezi limapusitsa: limamveka ngati la muofesi, monga lili ndi cidindo, cikhalileco ngakhale mwana angadimakete ndi kamtengo pa mcenga.

Papepala ndi pansi

Demarcate ali ndi m'bale wake, delimit. Ambili amawasakaniza, koma akatswili a malile amawasiyanitsa. Delimit ndi kufotokoza malile m'mau kapena pa mapu. Demarcate ndi kupita pamalopo n'kukhoma zizindikilo pansi. Bungwe la Electoral Commission of Zambia likamagawa madela a aphungu a nyumba ya malamulo, nchitoyo imachedwa delimitation, monga pamene madelawo anaonjezedwa kucoka pa 150 kufika pa 156 mu 2016. Palibe amene amakhoma citsulo pakati pa Kanyama ndi Chawama kuti ovota aone. Malilewo ali m'mapepala.

Anzathu a kum'mawa aidziwa bwino kusiyana kumeneku. Malile a Zambia ndi Malawi analembedwa m'nthawi ya atsamunda kuti adzitsata mtunda umene umagawa madzi opita ku Luangwa ndi opita ku nyanja ya Malawi. Popeza maiko onse awili anali pansi pa Britain, panalibe cangu cokhoma zizindikilo. Kwa zaka zambili pambuyo pa ufulu wa mu 1964, mabanja a ku Chipata ndi Mchinji anali kulima osadziwa bwinobwino kuti mzele wapita pati, mpaka maboma awiliwa anatuma masaveya kukaika mabikoni.

Pa nkhani ya ploti, dongosolo loyenela ndi lomwelo. Pepala limayamba, zikhomo zimatsatila. Zikhomo zikayamba pepala kulibe, ndiye kuti wina wadumpha sitepe.

Anadimaketa ndani?

Onani bwino mmene liuli limalembedwela pa malonda aja. Sakulemba kuti "uje anadimaketa." Akulemba cabe kuti demarcated, yodimaketewa. Wocita nchitoyo wabisika m'ciganizo, ndipo nkhani yonse yagona pa iyeyo.

Mu Lusaka muli kudimaketa kwa mitundu itatu. Koyamba ndi kwa cingwe ndi tepi. Mwini famu, kapena gulu la anyamata otumidwa ndi "ba chairman," amafika ndi tepi ya mamita 50, zikhomo za mitengo ndi penti yofiila. Pofika madzulo thengo lasanduka maploti. Ena amafika pogula thumba la simenti ndi zidutswa za citsulo ca Y12, n'kuumba tumabikoni tooneka ngati twa boma. Kwa munthu wobwela Lamlungu masana kudzaona malo, kusiyana kwake sikuoneka.

Kwaciwili ndi kwa pulani. Malinga ndi lamulo la Urban and Regional Planning Act la mu 2015, munthu sangagawe malo kukhala maploti, kapena kusandutsa famu kukhala malo a nyumba, popanda cilolezo ca olamulila mapulani, amene mumzinda wa Lusaka ndi khonsolo. Pulani yovomelezeka imaonetsa miseu, ngalande, ndi malo osiyidwa a sukulu, kiliniki kapena msika.

Kwacitatu ndi kwa saveya. Lamulo la Land Survey Act limalola saveya wa laisensi yekha kupima malo amene adzalembedwe m'kaundula wa boma. Iyeyo amakhoma mabikoni, citsulo m'konkiliti pa kona iliyonse, n'kujambula cikalata cochedwa survey diagram. Cikalataco cimaonetsa nambala ya ploti, utali wa mbali iliyonse, kukula kwa malo onse, ndi manambala a pa mapu oonetsa pamene bikoni iliyonse ili. Cimayenela kuvomelezedwa ku ofesi ya Surveyor General. Bikoni yotele ikazulidwa, saveya wina aliyense angaibwezele pamalo pake potsata manambalawo, ndipo kuizula dala kapena kuisuntha ndi mlandu. Cikhomo ca ba chairman cikazulidwa, cimabwelela pamene wamphamvu wafuna.

Ngakhale kudimaketa kwacitatuku sikupanga munthu kukhala mwini. Lamulo la Lands Act la mu 1995 limati malo onse a mu Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu a dziko lino. Amene amapeleka malo a boma m'dzina la Pulezidenti ndi Commissioner of Lands, ndipo makhonsolo amangogwila nchito ngati nthumwi zake. Khansala payekha alibe mphamvu yopatsa munthu ploti. Wapampando wa cipani, kaya colamula kaya cotsutsa, alibenso. Cimene munthu amalandila pomaliza ndi lizi ya zaka zosapitilila 99, ndipo umboni wake ndi certificate of title.

Masamu a maekala asanu

Kuti tione cifukwa cake wogulitsa amakonda cingwe kuposa pulani, tiyeni ticite masamu a ku pulaimale. Ekala imodzi ndi masikweya mita 4,047. Kafamu ka maekala 5, monga tambili ta ku Lusaka West ndi Makeni, ndi masikweya mita opitilila pang'ono 20,200. Ploti ya 20 by 30 ndi masikweya mita 600. Mukagawa osasiya kanthu, mutulutsa maploti 33. Mukapatula gawo limodzi mwa magawo anai kuti likhale miseu ndi ngalande, atsala maploti 25. Kusiyana kwake ndi maploti 8, ndipo 8 amenewo ndi ndalama zimene wogulitsa safuna kutaya.

Ndiye mukamva kuti kafamu ka maekala 5 katuluka maploti 30 ndi kupitilila, dziwani kuti mseu wadyedwa. Poyamba sizioneka cifukwa aliyense amadutsa pa ploti ya mnzake imene ikali thengo. Vuto limayamba mawolofensi akakwela. Wina amapezeka kuti geti yake yayang'ana cipupa ca neba. Thilaki ya mcenga siingafike, ambulansi siingalowe, galimoto yopopa zimbudzi imabwelela panjila. Mvula ikagwa mu January madzi amasowa kopita, amalowa m'nyumba ya amene ali kumunsi.

Palinso nkhani ya mother title, taitolo yaikulu ya famu yonse. Wogulitsa amaionetsa monyadila, n'kulemba pa malonda kuti on title. Taitoloyo ndi yake, ya famu yonse, ndipo dzina lanu mulibe. Kuti kagawo kanu kakhale ndi taitolo yakeyake, pafunika cilolezo cogawa malo, diagram ya kagawo kanuko, cilolezo ca boma cosinthila umwini, ndi msonkho wa property transfer tax ku ZRA. Izi zisanacitike, mwini mother title angathe kuikweletsa ku banki monga cikole. Akalephela kubweza ngongole, banki imabwela kudzatenga famu yonse pamodzi ndi nyumba zimene zamangidwapo.

Mzinda umene unakula kuposa pulani yake

Njala ya maploti mu Lusaka ili ndi mbili. Mzindawu unakhala likulu mu 1935, boma litasamuka ku Livingstone, ndipo pulani yake inapangidwa poganizila azungu ndi anchito ocepa a boma. Anthu akuda obwela kudzafuna nchito anali kukhala pa mafamu ndi pa migodi ya miyala ya azungu, n'kumalipila lendi ya malo omangapo kanyumba. Maina a makomboni monga John Laing, John Howard ndi Marrapodi akali kukumbutsa eni malo a nthawi imeneyo.

Ufulu utabwela mu 1964, anthu anakhamukila m'tauni, nyumba za khonsolo sizinakwane. Mu 1974 boma linapanga lamulo la Housing Statutory and Improvement Areas Act, limene linavomeleza makomboni ena m'malo mowagwetsa. Ndi ngongole ya World Bank, madela monga George, Chawama, Chaisa, Garden ndi Chipata analandila miseu ndi mipope ya madzi. Kalembela wa mu 2022 anapeza anthu pafupifupi 2.2 miliyoni m'boma la Lusaka lokha, ndipo akatswili a mapulani kawilikawili amati anthu 7 mwa 10 alionse mumzinda uno akhala m'madela amene sanapangidwe pulani.

Pamene anthu ofuna malo ali ambili conco ndipo maploti a khonsolo amatuluka mwa apo ndi apo, wina aliyense wokhala ndi tepi ndi mphamvu amasanduka ofesi ya malo. M'maboma osiyanasiyana, makada a zipani akhala akudziwika ndi nchito imeneyi. Boma limene linalowa mu 2021 linalengeza kuti za ukada zatha m'misika ndi m'masiteshoni a basi. Koma malonda a malo a cingwe sanafunikepo yunifomu ya cipani. Lelo wogulitsa angadzichule kuti ejenti, developer, kapena mwana wa mwini famu.

Buludoza ikafika

Mu August 2022, khonsolo ya Chingola inagwetsa nyumba zoposa 300 zimene zinamangidwa pa malo a bwalo la ndeke la Kasompe. Eni nyumbazo anadandaula kuti malowo anacita kupatsidwa kapena kugula. Maploti awo anali ndi makona anai ngati ena onse, wina anawapima, wina analandila ndalama. Koma pa mapu a boma malo onsewo anali ndi malile ena akale, a bwalo la ndeke, ndipo buludoza inatsata amenewo.

Nthawi zina vuto limacokela m'nyumba ya khonsolo momwemo. Mu June 2020, nduna ya maboma aang'ono panthawiyo, a Charles Banda, inaimitsa makhonsolo a Lusaka ndi Kitwe kwa miyezi itatu pa nkhani ya kugawa malo mosatsata malamulo. Ici cionetsa kuti ngakhale mau akuti "ni ba council banadimaketa" afunika kuwafufuza. Kodi ndi khonsolo itakhala pansi n'kulemba m'maminitsi, kapena ndi munthu mmodzi wogwila nchito kukhonsolo amene anabwela ndi tepi pa wikendi?

Nkhalango ya Lusaka East, yodziwika kuti Forest 27, iphunzitsa cina. Kumeneko ndiko kucokela madzi a mtsinje wa Chalimbana. Kuyambila mu 2017 mbali zina zinacotsedwa pa mndandanda wa nkhalango zotetezedwa n'kudulidwa maploti, ndipo mkangano wake unafika mpaka kukhoti. Kumeneko masaveya anapima ndithu, koma funso linatsala lakuti malo osunga madzi a anthu a ku Chongwe anayenela kudulidwa kapena iyai.

Madzi ndiwo samva Cingelezi. Mbali yaikulu ya kumadzulo ndi kum'mwela kwa Lusaka yakhala pa mwala wa laimu, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambili. Ku Kanyama ndi Misisi aliyense adziwa zimene zimacitika mvula ikalimbika. Ploti ikadulidwa m'dambo kapena pa njila ya ngalande, cimbudzi ca wina cimakumana ndi citsime ca mnzake. Kolela ya mu 2023 ndi 2024 inapha anthu oposa 700 m'dziko lino, ambili a iwo mu Lusaka, mpaka bwalo la National Heroes Stadium linasanduka cipatala. Matendawa ali ndi zoyambitsa zambili, koma kumanga mothinana pa malo a madzi ndi cimodzi mwa izo.

Malile a m'komboni ndi a kwa mafumu

M'makomboni ovomelezeka, cikalata cimene ambili ali naco ndi occupancy licence ya zaka 30, yocokela ku khonsolo. Ndi cikalata ceniceni, cimapatsa munthu ufulu wokhala pa nyumba ya nambala yakutiyakuti, koma sicibwela ndi diagram ya saveya. Ndiye cifukwa cake mikangano ya kumeneko imakhala ya mita imodzi: neba wakumba cimbudzi pafupi ndi khicheni yanu, wina waonjezela cipinda ca lendi n'kutseka kanjila kamene ana a mabanja asanu amadutsa popita ku mpope. Aliyense amati "apa panadimaketewa kudala," koma palibe pepala loonetsa mzele. Nkhani zotele zimathela kwa akulu a m'dela, ku Ward Development Committee, kapena ku Civic Centre. Mu 2018 boma linayamba kugwilizana ndi kampani ya Medici Land Governance pa nchito yopeleka mataitolo khomo ndi khomo m'madela ena. Ogwila nchitoyo akafika kwanu, khalanipo inu eni ndi maneba anu, cifukwa mzele umene mudzagwilizane tsikulo ndiwo udzalembedwe.

Cina cofala m'mayadi akale a ku Matero, Chilenje ndi Kabwata ndi kudula kumbuyo kwa nyumba ya malemu n'kugulitsa. Mwana mmodzi amene anasankhidwa kukhala administrator amaika zikhomo, ati "tadimaketa yadi." Lamulo la Intestate Succession Act la mu 1989 silimulola kugulitsa katundu wa malemu popanda cilolezo ca khoti, ndipo nyumba ndi ya mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana onse. Wogula amadzadzimuka abale ena atatulukila ndi samani.

Kunja kwa mzinda, ca ku Chongwe kwa Mfumukazi Nkomeshya kapena ca ku Chibombo kwa Mfumukazi Mungule, malo ambili ndi a cikhalidwe. Kumeneko a hedimani angakuonetseni malile n'kukulembani m'buku la mudzi. Izi zili ndi mphamvu yake pa mwambo, koma kuti malowo asanduke a taitolo pafunika cilolezo ca mfumu yaikulu, kenako khonsolo ya delalo, pomaliza Commissioner of Lands. Kalata ya hedimani yokha banki siilandila.

Musanatulutse ndalama

Wogulitsa akakamba kuti malo ni yodimaketewa, mubwezeleni ciganizo cake kuti acimalize. Anadimaketa ndani? Ngati ndi saveya, dzina lake ndani, ndipo ali pa mndandanda wa masaveya a laisensi ku ofesi ya Surveyor General? Diagram ili kuti, ndipo inavomelezedwa? Pulani ya malo onse ili ndi cidindo ca khonsolo? Mseu wofika pa ploti yanu uli pa pulaniyo, kapena uli cabe m'kamwa mwa ejenti?

Tengani nambala ya malowo mupite nayo ku Ministry of Lands ku Mulungushi House mukacite search. Ngati ndi m'dela la khonsolo, kaundula wake ali ku Civic Centre. Search idzakuonetsani dzina la mwini, ngati malowo ali pa cikole ku banki, ndiponso ngati wina anaikapo caveat yoletsa kugulitsa. Dzina limenelo lifanane ndi la pa NRC ya munthu amene mukupatsa ndalama. Pambuyo pake lembani saveya wanuwanu, osati wa wogulitsa, akatsimikize kuti mabikoni amene mwaonetsedwa ndiwo ali pa diagram. Zimacitika kuti pepala ndi loona, mabikoni ndi oona, koma pepalalo ndi la ploti ina kutsidya kwa mseu. Yang'ananinso kumwamba ndi m'mbali: pansi pa nthambo zikuluzikulu za ZESCO, m'mbali mwa njanji ndi pa mzele wa paipi ya TAZAMA sipamangidwa nyumba, kaya zikhomo zikhale zokongola bwanji. Ngati mungathe, kaoneni malowo mu February, nthawi imene dambo silingabisike.

Zinthu zikavuta, kuli bwalo la Lands Tribunal limene linakhazikitsidwa kuti liziweluza milandu ya malo, ndipo wogulitsa malo amene si ake angatengeledwe ku polisi. Koma mlandu umatenga nthawi, ndipo simenti imene yalowa m'silabu siibwelela m'thumba.

Ejenti adzakuuzani kuti "bambili bafuna, mukacedwa mailo yapita." Mwina ndi zoona, maploti a bwino sakhalitsa. Koma wogulitsa amene mapepala ake ali bwino sataya kanthu mukapita ku Mulungushi House, ndipo ndalama ya search ndi ya saveya ndi yocepa poyelekeza ndi mtengo wa mabuloko a cipinda cimodzi. Akulu anati safunsa anadya phula. Amene wakwiya cifukwa mwafunsa dzina la saveya, wakuyankhani kale.